Kuwala Kukamathwanima mu Kanema wa Zidole: Kupeza Gwero Lake ndi Kukonza pa Kompyuta

Amene amapanga makanema a stop motion (ojambulidwa chithunzi chimodzichimodzi, chidole chikusunthidwa pang'ono pakati pa zithunzizo), kaya ndi zidole zadongo, zamawaya kapena zodula pamakatoni, amakumana ndi vuto limodzi mobwerezabwereza akangosonkhanitsa zithunzi zawo pakompyuta n'kuyamba kuzionera ngati kanema. Chithunzi chilichonse pachokha chimaoneka chabwinobwino, koma zikayamba kuyenda motsatizana kuwala kumathwanima: khoma la kumbuyo limawala, kenako n'kuda, n'kuwalanso, moti maso a woonera amasiya kutsatira chidole n'kuyamba kulimbana ndi khomalo. Magulu a achinyamata a kuno ku Dedza amene amajambulira m'makalasi, m'maholo a tchalitchi ndi m'zipinda za kunyumba amalidziwa bwino vutoli, ndipo funso limene amathamangira kufunsa ndi lakuti, kodi ndi pulogalamu iti imene imachotsa flicker, ndiko kuti kuthwanimaku? Mapulogalamu otero alipo ndithu, ena ogula ena aulere, koma kuthwanima kuli ndi magwero angapo, ndipo chida chimene chimathetsa mtundu wina chimaonjezera mavuto pa mtundu unzake. Musanasankhe chida muyenera kudziwa chimene chinasintha pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Musanayambe kukonza

Kopani zithunzi zonse kuchokera pakhadi la kamera kapena mufoni pogwiritsa ntchito chingwe, muziike m'mafoda awiri, ndipo foda imodzi musaikhudzenso. Zithunzi zimene zatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse sizoyenera ntchito imeneyi, chifukwa zimachepetsedwa ndiponso zimataya zolembedwa za mkati zotchedwa EXIF, zimene zimasonyeza mmene kamera inatcheredwera pa chithunzi chilichonse. Onetsetsaninso kuti malo alipo okwanira. Mphindi imodzi ya kanema wojambulidwa pa zithunzi 12 pa sekondi ndi zithunzi 720, ndipo ngati chilichonse ndi RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera inajambula, zisanakonzedwe) ya 25 MB, foda imodzi yokha itenga 18 GB.

Polowetsa zithunzizo mupulogalamu yokonzera makanema, zilowe ngati image sequence (mndandanda wa zithunzi zotsatizana) ndiponso pa liwiro limene munajambulira. After Effects imayamba ndi zithunzi 30 pa sekondi pokhapokha mutaisintha, pamene mu DaVinci Resolve liwiro la timeline (mzere wondandalikapo zithunzi za kanema) limatsekeka mukangoikamo zinthu, choncho liyenera kusankhidwa poyambirira penipeni. Pali msampha wina wa masamu umene ambiri amagweramo. Zithunzi 12 zimalowa bwino mu timeline ya 24, chilichonse n'kuoneka kawiri, koma mu timeline ya 25, imene ndi ya wailesi za kanema za m'dziko muno, sizigawika mofanana: kamodzi pa sekondi iliyonse chithunzi china chimakhala katatu, ndipo chidole chimaoneka ngati chikutsimphina. Ngati kanemayo ayenera kukhala wa 25, uzani pulogalamu kuti zithunzi zanu ndi za 12.5 pa sekondi. Zimitsaninso frame blending ndi optical flow, ndipo mu Resolve ikani Retime Process pa Nearest, chifukwa pulogalamu ikamasakaniza zithunzi ziwiri kuti ipange cha pakati, kuthwanima kumabisika m'malo ena n'kuonekera m'malo ena, inu n'kumayeza zinthu zimene kamera sinajambule.

Maso okha sadalirika pa kufufuza kumeneku, makamaka pa laputopu imene imasintha yokha kuwala kwa sikirini ikachotsedwa kumagetsi. Tsegulani waveform, imene imasonyeza kuwala kwa chithunzi ngati mizere ndipo imapezeka mu Resolve yaulere ngakhalenso mu Kdenlive ndi Shotcut, ndipo sankhani malo amene sanayende m'gawo lonse, monga ngodya ya khoma. Yendani chithunzi chimodzichimodzi ndi mabatani a mivi mukuyang'ana mzere wa malowo, kenako chitani chimodzimodzi ndi malo ena a mbali ina ya chithunzi. Mmene mizere iwiriyo ikuyendera ndi mmene mudziwire mtundu wa vuto lanu.

Chithunzi chonse chikamadumpha pamodzi

Ngati mizere yonse iwiri ikukwera ndi kutsika limodzi, mopanda dongosolo, kuchoka pa chithunzi china kufika pa chotsatira, muyambe kukayikira kamera. Tiyerekeze kuti muli ndi gawo la zithunzi 60 la Kalulu akuzembera kuchitsime. Mukaona EXIF, kaya podina Properties kenako Details mu Windows kapena ndi pulogalamu yaulere ya ExifTool imene imatha kundandalika foda yonse nthawi imodzi, mungapeze kuti chithunzi cha 14 chinajambulidwa pa 1/30 ya sekondi, cha 15 pa 1/40, ndipo cha 16 chinabwerera pa 1/30 koma ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) itachoka pa 200 kufika pa 250. Apa kamera inali pa auto, ndipo nthawi iliyonse imene chidole chinasuntha, iyo inayezanso kuwala n'kusankha zina. Mafoni ndiwo amachita zimenezi kwambiri ngati exposure (kuchuluka kwa kuwala), focus ndi white balance (mtundu wa kuwala) sizinatsekedwe mu pulogalamu yojambulira monga Stop Motion Studio.

Zimachitikanso kuti manambala onse a EXIF ndi ofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma kuthwanima kulipobe. Pa makamera a DSLR chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala bowo la lenzi. Lenzi zoyendetsedwa ndi kamera zimakhala zotsegula kotheratu pamene mukuyang'ana, ndipo zimatsekeka kufika pa f/8 kapena f/11 pa nthawi yojambula yokhayo. Timasamba ta mkati mwa lenzi sitiima pamalo amodzimodzi ndendende ulendo uliwonse, ndipo kusiyana kochepako, kumene palibe angakuone pa chithunzi cha ukwati, kumaoneka bwino lomwe zithunzi zikatsatizana. N'chifukwa chake ojambula stop motion ambiri amaika lenzi zakale za Nikon, zotembenuza bowo ndi dzanja, pa kamera za Canon kudzera pa adaputala, kuti bowolo likhale malo amodzi tsiku lonse.

Mtundu uwu ndi umene umakonzeka bwino kuposa ina yonse, chifukwa chithunzi chonse chinasintha ndi mlingo umodzi. Amene ali ndi DaVinci Resolve Studio ali ndi chida cha Deflicker, chimene mu Resolve yaulere mulibe. Palinso Flicker Free ya kampani ya Digital Anarchy ndi GBDeflicker, zonse zogula, komanso LRTimelapse imene imagwira ntchito limodzi ndi Lightroom ndipo imakonza RAW isanasandutsidwe kanema. Kwa gulu limene lilibe ndalama zogulira zimenezi, pulogalamu ya FFmpeg, imene imayendetsedwa polemba malamulo, ndi yaulere ndipo ili ndi filter (chida chosalazira kuwala) yakeyake:

ffmpeg -framerate 12 -start_number 1 -i IMG_%04d.JPG -vf deflicker=size=5:mode=am zokonza_%04d.png

Filter imeneyi imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, n'kukuyerekeza ndi kwa zithunzi zoyandikana nacho, kenako n'kukweza kapena kutsitsa chithunzicho kuti chifanane ndi zinzake. Nambala ya size ndi kuchuluka kwa zithunzi zoyerekezazo, ndipo zithunzi 5 pa liwiro la 12 sizikwana ndi theka la sekondi lomwe, zimene zimakwanira pa kudumpha kwa apa ndi apo. Manambala a mafayilo ayenera kutsatizana popanda mpata, chifukwa FFmpeg ikafika pa nambala yosowa, monga pamene munafufuta chithunzi chimene munalowa dzanja, imaima pomwepo ngati kuti gawolo latha. Mwaona kuti zotuluka zake ndi PNG osati MP4. Kanema sayenera kupanikizidwa ntchito isanathe.

Koma filter yoyeza chithunzi chonse ili ndi malire amene muyenera kuwadziwa. Chidole chachikulu chakuda, tinene Njovu, chikalowa n'kudzaza theka la chithunzi, kuwala kwa chithunzi chonse kumatsika ngakhale kuti magetsi sanasinthe, ndipo filter imayesa kubwezera powalitsa khoma, n'kubweretsa kuthwanima pamene panalibe. Zida zimene zimalola kusankha malo oyezera ndi zabwino pa gawo lotere: LRTimelapse imalola kujambula kabokosi pamalo osayenda, ndipo Color Stabilizer ya mu After Effects imayezera pa mfundo imene mwaiika nokha. Kuwala kumene munakusintha dala, monga mphezi, moto wa pachitofu kapena nyali ikuyatsidwa, filter imakuona ngati cholakwa, choncho dulani gawolo pamalo amenewo ndipo mukonze zidutswazo pazokhapazokha.

Kuwala kukamatsika kapena kukwera pang'onopang'ono

Ngati mizere ya waveform ikuyenda limodzi koma motsetsereka, pa zithunzi 20 kapena 50, gwero lili m'chipinda osati mukamera. Dzuwa ndilo loyamba kulikayikira. Sekondi 5 za kanema ndi zithunzi 60, ndipo ngati chilichonse chimatenga mphindi imodzi kukonza, ola lathunthu la dzuwa lapanikizidwa m'masekondi 5 amenewo. Kuno m'miyezi ya June ndi July, pamene mitambo ndi nkhungu zimatsika m'phiri la Dedza n'kuphimba dzuwa kenako n'kulisiya m'kanthawi kochepa, chipinda cha mawindo osatchinga chimasintha kuwala kangapo pa ola. Ambiri amakumbukira kutchinga mawindo ndi mabulangete koma amaiwala mpata wa pakati pa khoma ndi malata, mabowo a misomali, ndi lata loonekera limene makalasi ena amaika padenga.

Magetsi nawonso sakhala pa mlingo umodzi. Babu lakale la kawaya koyaka mkati limamva msanga kusintha kwa voteji: ikatsika ndi 5 pa 100, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 16 pa 100, ndipo kumafiirirapo. Amene amajambulira pafupi ndi chigayo kapena malo owotcherera zitsulo adzapeza zithunzi zingapo zakuda motsatizana pamene makinawo anali kulira, ndipo amene amayatsa magetsi molunjika kuchokera ku batire la sola adzapeza kuti gawo limayamba lowala n'kutha lodera chifukwa batirelo linali kutha mphamvu.

Filter ya deflicker yokhala ndi size yaing'ono sioona vuto ili, popeza chithunzi chilichonse chimafanana ndi choyandikana nacho. Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya dzanja, ya ma keyframe, zizindikiro zouza pulogalamu mlingo umene mukufuna pa chithunzi chakutichakuti. Sankhani chithunzi chimodzi chimene kuwala kwake kuli koyenera, lembani pamene khoma laima pa waveform, ndipo ikani keyframe ya exposure kapena gain pamene kutsetsereka kwayambira, pamene kwafika pansi penipeni, ndi pamene kwathera, mukubwezera khomalo pa mlingo umene munalemba. Mukatero sinthani waveform kukhala RGB parade kuti muone mitundu itatu payokhapayokha, chifukwa mtambo ukaphimba dzuwa kuwala kumapendekera ku buluu, ndipo voteji ikatsika kumapendekera kofiira. Kukweza kuwala kokha kumasiya khoma likusintha mtundu. Apa ndi pamene RAW imaonetsa phindu lake, popeza white balance imasinthika popanda kuononga chithunzi, pamene JPEG ikakokedwa kwambiri malo akuda amayamba kuchita timadontho ndi mizere. Mukamaliza ma keyframe, m'pamene mungadutsitse deflicker yopepuka kuti isalaze zotsala.

Mbali imodzi yokha ikamathwanima

Mizere iwiri ija ikamayenda mosiyana, wina ukudumpha unzake uli phee, kawirikawiri wochititsa ndi wojambula mwini wake. Malaya oyera kapena juzi yowala imabweza kuwala kwa getsi pa zidole, ndipo ngati munthuyo anaima pafupi ndi tebulo pa chithunzi china n'kuima patali pa chinzake, mbali ya chidole yoyang'ana kwa iye imawala ndi kuda mosinthanasinthana. Chitseko chotsegulidwa ndi wobwera kudzaonerera, sikirini ya laputopu yoyang'ana patebulo, ngakhale tochi ya foni ya mnzanu zimachita chimodzimodzi.

Deflicker ya chithunzi chonse imaononga gawo lotere, chifukwa pofuna kukonza mbali yodwala imasuntha ndi yabwino yomwe. Jambulani mask (mzere wopatula malo oti akonzedwe) yofewa m'mphepete mwake kuzungulira mbali yokhudzidwayo, imene mu Resolve imatchedwa Power Window, ndipo mukonze mkati mwa mask mokhamo, kaya ndi filter kapena ndi ma keyframe. Ngati zithunzi zolakwika ndi ziwiri kapena zitatu zokha ndipo chidole sichinali kuyenda kwambiri, n'kwapafupi kuzichotsa n'kubwereza choyandikana nacho kusiyana ndi kutha madzulo onse pa mask.

Mizere yopingasa

Mizere yakuda ndi yowala yopingasa chithunzi, imene imasintha malo pa chithunzi chilichonse, imachokera ku mababu a LED otsika mtengo ndi machubu. Magetsi a m'dziko muno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti mababu otere amathwanima ka 100 pa sekondi, ndipo shutter (chitseko cholowetsa kuwala mukamera) yothamanga, monga 1/125 kapena 1/250, imagwira chidutswa chabe cha kuthwanimako. Flicker Free ndi Deflicker ya Resolve Studio zimatha kuchepetsa mizere yofooka, koma zimachita zimenezi posakaniza zithunzi zoyandikana, ndipo pa zidole zimene zimasuntha kwambiri pakati pa zithunzi zimasiya mthunzi wa dzanja kapena khutu pamene panalibe. Mizere ikakhala yoonekera kwambiri, kujambulanso ndi kumene kumapulumutsa nthawi. Shutter ya 1/50 kapena 1/100 imagwirizana ndi magetsiwa, koma popeza chidole sichiyenda pamene mukujambula, theka la sekondi ndi labwino koposa, chifukwa limasonkhanitsa kuthwanima 50 m'chithunzi chimodzi ndipo limathandiza ngakhale pa jenereta imene liwiro lake limasinthasintha.

Pamene vuto si kuwala

Dongo lotapa kudambo, limene kuno silisowa, limauma pansi pa magetsi, ndipo likamauma limayera ndi kung'aluka. Wojambula akalinyowetsa ndi chala kuti apinde mkono wa chidole, malowo amada kwa zithunzi zingapo kenako n'kuyeranso. Pa waveform khoma limakhala phee, chidole chokha n'chimene chikusintha. Plasticine, dongo la kufakitale, popeza ndi wa mafuta, sauma chotero, ngakhale kuti m'nyengo yozizira amalimba ndipo zala zimasiya zidindo zosiyana pa chithunzi chilichonse. Zidindo za zala ndi kunjenjemera kwa ubweya kapena nsalu, kwa ine, sizoyenera kufufutidwa, chifukwa ndi zimene zimasonyeza kuti kanemayo anaumbidwa ndi manja. Chimene chingakonzedwe ndi mtundu wa dongo ngati wasiyana kwambiri pakati pa magawo awiri otsatizana, ndipo zimenezo zimachitika ndi mask yotsatira chidolecho.

Kuchotsa mawaya ndi dongosolo la ntchito

Kuthwanima kumavutitsa kwambiri pa ntchito yochotsa waya kapena ndodo imene inagwira chidole m'malere. Njira yake ndi yodziwika: chithunzi cha malo opanda chidole, chotchedwa clean plate, chimaikidwa pansi, ndipo pamwamba mumaboola ndi mask pamene pali waya kuti khoma loyera lionekere. Tsono clean plate ndi chithunzi chimodzi cha kuwala kumodzi, pamene zithunzi za pamwamba zikuthwanima. Zotsatira zake, Kalulu akamadumpha chitsime, pambali pake pamayenda kamzere ka khoma kamene pa chithunzi china n'kowala kuposa khoma lonse ndipo pa chotsatira n'kakuda, kooneka ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa thalauza lakale. Waya wachoka, koma malo ake akuonekabe.

Pa chifukwa chimenechi, kuthwanima kumakonzedwa poyamba, pa zithunzi zosadulidwa. Chachiwiri ndi kugwedezeka kwa kamera, kumene kuno kumachitika ngakhale popanda wogunda tripod, makamaka m'nyumba za m'mphepete mwa msewu wa M1 pamene malole olemera akudutsa. Tracker, chida chotsatira mfundo imodzi pofuna kukhazikitsa chithunzi, iikidwe pa chinthu chosayenda cha kumbuyo, osati pa chidole. Chithunzi cha 6000 x 4000 chili ndi malo ambiri osunthira poyerekeza ndi kanema wa 1920 x 1080, choncho musadule msanga. Mukatha izi m'pamene mumafananiza clean plate ndi zithunzi zokonzedwazo pa waveform n'kuyamba kuchotsa mawaya, osaiwala mthunzi wa waya pakhoma ndi pansi. Kukongoletsa mitundu kumabwera pamapeto, chifukwa kukweza contrast kumakulitsa kuthwanima kulikonse kumene kwatsala.

Kuthwanima kobwera potulutsa kanema

Nthawi zina kanema amaoneka wosalala pa timeline, koma akaikidwa pa Facebook kapena kutumizidwa pa WhatsApp, khoma limayamba kugunda pa nthawi zofanana, mwina masekondi angapo alionse. Uku si kuthwanima kwa zithunzi zanu. H.264, njira yopanikizira kanema, imasunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, n'kumangolemba zosintha pakati pake, ndipo bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi) ikachepa, chithunzi chathunthu chilichonse chimaoneka mosiyana pang'ono ndi zimene zachitsogolera. Tulutsani kaye kanema wamkulu wosungira, wa ProRes kapena DNxHR, mumuonere pakompyuta. Ngati iye ali bwino, musabwererenso ku deflicker, kwezani bitrate ya wotumizayo, ndipo pa WhatsApp mutumize ngati document kuti asapanikizidwenso.

Pamene kujambulanso ndi kwabwino

Gawo la masekondi 3 ndi zithunzi 36 zokha. Ngati lili ndi mizere yopingasa, kapena mitundu iwiri ya kuthwanima nthawi imodzi, kapena ndi JPEG yakuda imene ikusweka mukaikweza, kulijambulanso kumatenga nthawi yochepa kusiyana ndi kulikonza, malinga ngati zidole ndi tebulo sizinaphwasulidwe. Choncho onerani zithunzi za tsiku lililonse pa waveform madzulo omwewo, zinthu zikadali m'malo mwake. Pojambulanso, zimitsani getsi la kudenga n'kuona ngati pali pamene kuwala kwa panja kukulowera, tsekani zonse za auto, valani zakuda, lembani ndi choko pansi pamene muziima podina batani, ndipo yatsani magetsi kwa mphindi zingapo musanayambe kuti akhazikike. Ikaninso kakatoni kotuwa m'munsi mwa chithunzi, m'gawo limene lidzadulidwe pochoka pa 3:2 kupita pa 16:9, kuti filter ndi waveform zikhale ndi malo odalirika oyezera, ndipo clean plate muijambule kawiri, gawo lisanayambe ndi litangotha, kamera isanasunthidwe.